Andilembera chindapusa pa M1 pomwe anzanga akudutsa ndi ya fanta, chilungamo chili pati?

Sienta_waNchalo:

Abale anzanga a m'chigwa muno ndithandizeni maganizo chifukwa mtima ukuwawabe mpaka pano. Ine ndimayendetsa ka Sienta ka achimwene anga, Nchalo mpaka Blantyre, tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Lachiwiri lapitali ndanyamuka m'mawa galimoto itadzaza kale, kufika pa Dyeratu ndapeza amayi ena ali ndi mwana wodwala akuti akupita ku Queens, dzuwa lake lija mukulidziwa inu, ndiye ndikanawasiya bwanji, ndinawapanikiza kumbuyo komweko. Kunena zoona tonse tinakwana 10 kuphatikiza ine, galimoto ya anthu 7.

Sitinapite patali a trafiki andiimitsa. Wapolisi amene wabwerayo ndi mtsikana, wamng'ono ndithu, mwina msinkhu wa mlongo wanga wotsiriza, wasuzumira pa windo wawerenga mitu, akuti layisensi. Ine monga mwa nthawi zonse ndapinda ka K2,000 ndakalowetsa pansi pa layisensiyo. Eee abale, mwanayo watulutsa ndalama ija wandibwezera pamaso pa anthu onse, akuti akulu ndalama yanu yatsakamira apa. Kenako watenga buku. Ndinayesa bwana tikambirane, bwana muli wodwala umu, akuti wodwalayo ndi amene mukufuna kumupha. Ndinalipira, lisiti anandipatsa, ndalama ya tsiku lonse inathera pomwepo.

Koma chomwe chikundinyansa si chimenecho. Pomwe akundilembera choncho, yafika minibasi anthu anayi anayi pa mpando, matumba a nsomba zouma akulendewera kubuti, kondakitala watsika wathamangira kwa wapolisi winayo, agwirana chanza, kuseka, basi minibasi yapita. Pa malo amodzi, yunifolomu imodzi. Ndiye funso langa ndi lakuti wolakwa ndi ndani pamenepa, ine wonyamula mayi ndi mwana wodwala kapena iwowo amene lamulo lawo limayendera nkhope?

Kabaza_Bangula:

kkkkk pepani amwene koma ndaseka, munakumana ndi watsopano ameneyo, mupatseni chaka chimodzi aphunzira ntchito.

Ife a kabaza ndiye tinatopa kale. Njinga zambiri kuno mukudziwa kuti zimachokera ku Mozambique, munthu wagulitsa thonje kapena mbuzi zake wagula ka Lifo kuti ana adye, kenako akuti ukalipire msonkho ku MRA, ukalembetse ku Road Traffic ku Blantyre, nambala puleti, inshuwalansi, layisensi, kuwonkhetsa zonsezo ndalama yake ukuona ngati ukugula njinga ina, kuonjezera thiransipoti yochokera ku Bangula ndi pogona ngati sizinatheke tsiku lomwelo. Ndiye tikangomva kuti aima kutsogoloko timakhota, kudzera njira za ng'ombe m'tchire, kasitomala naye amadziwa kale amangogwiritsa. Helemeti ndili nayo inde koma mwezi wa October masana kuno ndani angavale, mutu umaphika ngati mbatata, ndipo makasitomala achizimayi amakana okha akuti iwononga tsitsi, ena akuti muli thukuta la anthu. Ndiye ndimukakamize munthu amene akundilipira? Apolisiwa njala basi, palibe za chitetezo apa.

NaPhiri_Ngabu:

Achimwene a Sienta, ine ndiyankhula ngati mmodzi mwa amene mumatipanikizafe. Ndimakapikula kaunjika ku Limbe kawiri pamwezi ndiye ma Sienta anuwo ndimawadziwa bwino. Ulendo wina anandikhazika kutsogolo pakati, mwendo wina uku wina uku, giya pakati, dalaivala akafuna kusintha ayambe wandipempha kuti mayi sunthani bondo. Tikutsika zitunda zija kupita ku Thabwa, makhona onse aja, fungo la mabuleki lili kobo m'galimoto, ine kupemphera chamumtima mpaka tinawoloka Kamuzu Bridge. Ndiye mukamati munawachitira chifundo amayi aja, chabwino, koma anakwera ulere kodi? Si munawalipiritsa ngati wina aliyense? Ndipo asanakwere iwowo munali mutapitirira kale, werengani bwino, 10 kuchotsa 2 ndi 8. Musabisale kumbuyo kwa mwana wodwala achimwene.

Koma sindikukuweruzani nokha ayi chifukwa ifenso okwera tili momwemo. Tikayandikira pomwe aima apolisi, dalaivala amati awiri atsike, ndipo timatsika mosanyinyirika, kukwera kabaza kapena kuyenda wapansi kudutsa apolisi tikuwapatsa moni, kenako kukakweranso patsogolo kuseri kwa khona. Ine ndinachitapo, kawiri. Galimoto yochokera kutsogolo ikathwanimitsa magetsi kuti ali uko, tonse m'galimoto timati Mulungu amudalitse. Ndiye tsiku lomwe tayala laphulika anthu aphwanyika, ndife omwe timayamba kukuwa kuti apolisi amatani pa msewupa, bwanji sanaigwire.

Inu a Kabaza_Bangula pitani tsiku lina mukaone odwala pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, muwodi ya abambo, muwerenge miyendo yomwe ili mu pulasitala mufunse kuti inathyoka bwanji. Mwana wa achemwali anga anagwa pa njinga yamoto alipo atatu, thumba la chimanga pa thanki, mbuzi inangodumphira mumsewu. Mwendo unapola koma mutu mpaka lero suli bwino, sukulu anasiyira Fomu 3. Tsikulo kunkatentha, helemeti inali yomangirira kumbuyo.

Kabaza_Bangula:

pepani mayi, za mwanayo zandikhudza. koma nkhani ya mitengo ya mapepala ija ndiye sindibweza

Madala_aThiraki:

Ana anga ndiloleni nane ndiponyepo. Ine ndinayendetsa thiraki zaka zambiri, kunyamula shuga kuchokera ku Nchalo kukwera naye mtunda, ndinapuma maso atayamba kuvuta. Nthawi ya Kamuzu wapolisi akakweza dzanja mawondo amagwedezeka, panalinso a Payoniya mpaka asilikali anawalanda zida mu December 1993, ndipo sindikufuna masiku amenewo abwerere, munthu umamenyedwa osafunsa kuti walakwa chiyani. Lero amati Police Service osati Force, mutha kutsutsana naye wapolisi pa msewu n'kukagona kwanu. Zimenezo ndi zabwino. Koma tinatengera ufuluwo pena pake.

Mwana wanga wa Sienta, werenganso zomwe walemba wekha. Iwe sunakwiye kuti pa msewu pali ziphuphu. Wakwiya kuti chiphuphu chako anachikana. Akanalandira ka K2,000 kaja bwenzi pano ukunena kuti mwayenda bwino lero, apolisi ake anali omvetsa zinthu. Ukufunsa kuti chilungamo chili pati, chilungamo ndi chimene unakumana nachocho, chinakuwawa chifukwa sunachizolowere. Wolakwa pa malo paja analipo atatu, iweyo, kondakitala uja ndi wapolisi wogwirana naye chanza, ndipo mwa anthu onse amene anaima pamenepo amene wamubweretsa pano kuti timuseke ndi yekhayo amene anagwira ntchito yake.

Ndipo uthokoze kuti anangokubwezera. Lamulo la katangale la 1995, lomwe linakhazikitsa ACB, silisiyanitsa wolandira ndi wopereka, onse ndi mlandu. Ukanatha kugona m'chitokosi chifukwa cha ndalama yosakwana ndi malita awiri omwe a petulo.

Za lisiti ndinenepo pang'ono chifukwa achinyamata ambiri simuzisamala. Ukalipira chindapusa uzilandira lisiti ya boma, ija timati GR, uone kuti alembapo ndalama yeniyeni imene wapereka, tsiku ndi mlandu wake. Popanda kapepala kameneko ndalama yako yapita m'thumba la munthu. Ndipo ngati ukuona kuti sunalakwe sukakamizidwa kuvomera pa msewu, nkhani itha kupita ku khoti ukadziyankhire pamaso pa majisitireti, kungoti ambirife timaona kuchedwa. Wapolisi akakuzunza kuli kokadandaula, kuli bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, lomwe linachokera mu lamulo la apolisi la 2010. Koma ukapita kumeneko uyambira pati, kuti ndinanyamula anthu 10 ndipo ndinayesa kupereka ya fanta?

Chinanso, tsiku lomwe galimoto ya achimwene akoyo idzagubuduke pa zitunda, a inshuwalansi funso lawo loyamba lidzakhala lakuti munalimo angati.

MwanaWaTengani:

Madala mwalankhula bwino koma mwakomera mbali imodzi. Anthu sadana ndi apolisi chifukwa cha lisiti yokha ayi. Kwathu kuno akakubera ng'ombe usiku, khola lonse psiti, ukathamangira ku polisi umva kuti galimoto ilibe mafuta, ubweretse thiransipoti, pomwe akuba aja akuwoloka nazo Shire kapena alowa kale ku Mozambique. Koma m'mawa mwake udzawapeza asanu pa msewu pansi pa mtengo ndi buku la malisiti, mafuta obwerera pamenepo apezeka. Munthu ukaona zimenezo uganiza chiyani? N'chifukwa chake anthu akagwira wakuba kumudzi safunanso kumupereka ku polisi, amathana naye okha, zomwe ndi zoipa kwambiri ndipo osalakwa amaferamo, koma muzu wake ndi womwewu.

Ndiye ndalama za ma GR anuwo zimapita kuti? Namondwe Ana anadula msewu mu January 2022, namondwe Freddy anabweranso mu March 2023, kufunsa anzathu a ku East Bank kuti nyengo ya mvula amayenda bwanji kuchokera ku Thabwa kupita ku Makhanga akuuzani. Wapolisi akundilembera kuti tayala latha, chathetsa tayalalo ndi chiyani? Nanga ngolo zoyenda usiku popanda ngakhale ka rifulekita, ng'ombe zogona pa tala pa Ngabu apa, mwini wake analipirapo chindapusa? Lamulo likamagwira okhawo amene ali ndi ndalama m'thumba nthawi yomweyo anthu amaliona ngati bizinesi.

Sindikuti a Sienta sanalakwe, analakwa. Ndikungoti ulemu sugulidwa ndi buku la malisiti lokha.

NaPhiri_Ngabu:

Zoona za ng'ombezo, bambo anga anaberedwapo zinayi. Koma msewu ukakhala woipa si ndiye chifukwa chake chonyamulira anthu ochepa? Inu mukuti msewu waonongeka ndiye tionjezere atatu.

Sienta_waNchalo:

Eeh mwandisambitsa chokweza abale kkkk, makamaka Madala, ndawerenga kawiri ndipo sindinayankhe dzulo chifukwa ndinalibe poyambira. Mayi a ku Ngabu zoona amayi aja analipira, sindinawachotsere ngakhale K500, ndipo zoona ndinali nditapitirira kale ndi mmodzi.

Koma nanunso mumvetse mbali yathu. Achimwene amafuna ndalama yawo madzulo aliwonse yosasintha, mafuta akwere asakwere, ndipo mafuta akasowa timagula a m'zigubu pa mtengo wa misala. Ukanyamula 6 okha ngati momwe buku likufunira, kupita ndi kubwera, ukachotsa mafuta ndi ya bwana ndi ya oyitanira pa siteji, chotsala n'chogulira tomato basi. Chindapusa chija achimwene akuti chili kwa ine, adula pa malipiro a mwezi uno.

Lero ndadutsanso pomwe paja ndili ndi 6 ndendende, mtsikana uja analipo, wasuzumira wawerenga, wangoti pitani akulu. Ndafika ku Blantyre galimoto yakwera zitunda osatentha, zimenezo ndavomera. Koma pobwera ndinamutenga mmodzi wa pa giya, ndisaname, anali mphunzitsi wanga wa ku pulayimale ataima pa dzuwa.

Mwa njira, alipo akudziwa komwe ndingapeze matayala awiri abwinoko a saizi 15 motchipa? COF, chiphaso chija chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pa msewu, ikutha kumapeto kwa mwezi uno ndipo akumbuyowa afika poonetsa waya.