Jakisoni wa penisilini anayamba liti?

NaBanda_Kasungu: Abale, agogo anga amati kale mwana akagwidwa chibayo, nthiti zikulowa mkati, anthu ankangoyamba kulira mpaka kunabwera penisilini. Anayamba liti ameneyu?

Phiri_Santhe: Achemwali, Alexander Fleming anamutulukira mu 1928 ku London koma kufala mzipatala ndi m'ma 1940. Asanafale chibayo ankachiza ndi mapilitsi ena opha mabakiteriya otchedwa M&B.

NaMwale: Mayi anga amakumbukira masingano owiritsa, kubayidwa pathako mpaka kutsimphina koma mawa lake thupi lazizira mwana wayamba kulirira phala, amati anthu ankayenda wapansi mtunda wautali kungofuna jakisoniyo, ukawapatsa mapilitsi ankadandaula.

Phiri_Santhe: Komatu penisilini chikuku sachiza, ndi vairasi chija. TB nayo inadikira mankhwala ena otchedwa streptomycin, omwe anatulukiridwa mu 1943.