"Madzi akatayika sawoleka": kuwola kwake nkuti?

Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi uwu ndakula nawo, koma sabata ino wandivuta chifukwa cha zithunzi zakale za Eadweard Muybridge. Bamboyu anagwira ntchito pa University of Pennsylvania ku Philadelphia m'ma 1880, ndipo mu 1887 anatulutsa buku lotchedwa Animal Locomotion, la masamba 781 a zithunzi. Ankandandalika makamera ambiri, lililonse n'kujambula kamphindi kake motsatizana, kumbuyo kuli mizere yopingasana yoyezera mmene thupi lasunthira. Ambiri amamudziwa ndi zithunzi za hatchi yothamanga zimene anajambula mu 1878 ku Palo Alto, ku America, koma zimene zandigwira mtima ine ndi za amayi: wina akusesa, wina akukwera masitepe atanyamula ndowa, wina akukhuthula madzi. Ambiri mwa iwo anawajambula ali maliseche, ndipo zimenezo sizinandikomere, poti palibe amene amasesa choncho pakhomo pake.

Pa amene akukhuthula madziyo ndayang'anitsitsa nthawi yaitali. Madzi achoka m'ndowa koma sanafike pansi, angoti lendee m'malere ngati nsalu yoyanika. Pomwepo ndinamva mawu a malemu agogo anga. Ndili mwana ndinkaganiza kuti "sawoleka" akuchokera ku kuwola kwa nthochi kapena nsomba. Tsopano ndikukayika. Kodi ndi kuwola kuti? Nanga mwambiwu amaunena pochenjeza munthu asanalakwe, kapena zinthu zitachitika kale?

*

Mwanawe, si kuwola kovunda ayi. Ndi kuwola kwa chimanga kapena mtedza zikamwazika pabwalo: umagwada, n'kumakokera ndi manja awiri, n'kubwezera m'lichero. Ufa ukatayika umawolako wapamwamba, wotsalawo nkhuku zidya. Koma madzi dothi limamwa uli chiimire. Polemba mawu awiriwa amafanana, n'chifukwa chake ana a masiku ano mumasokonezeka.

Kwathu sitinkaunena pochenjeza. Mtsikana akapunthwa pochokera kudambo, nkhata uko, mtsuko phwaa, mayi ake atatola kale kamtengo, agogo ndiye ankati, "Musiyeni, madzi akatayika sawoleka." Unali mwambi woziziritsa mtima wa wokwiya. Pamaliro ndaumvanso, anthu akayamba kulozana zala kuti ndani anachedwa kupita naye kuchipatala.

*

Zikomo kwambiri, gogo. Kuwola kwa lichero ndakumva bwino lomwe. Koma pa zachenjezo ndikadali ndi kafunso. Amalume anga ankaunena munthu asanayankhule, makamaka pamlandu wa banja ankhoswe atakhala pansi: "Ganiza kaye, madzi akatayika sawoleka." Mwina n'chifukwa chake chithunzi chija chikundikanika kuchoka m'maso. Muybridge anagwira kamphindi kamene diso silitha kuona, dzanja litapendeka kale, ndowa ili pafupi kutha, koma pansi pakadali pouma. Kwa agogo anu madziwo sanatayike, poti dothi silinamwe. Kwa amalume anga anatayika pamene dzanja linayamba kupendeka.

Ndiye ndifunse a ku Dedza, Kasungu, ngakhale a ku Chipata: kwanuko amaunena mtsuko utasweka kale, kapena ukadali pamutu?