Mwana wa miyezi 26 sanayambe kulumikiza mawu: tiyambire pati?

MayiWaAwiri

Makolo anzanga ndi inu amene mumagwira ntchito ndi ana, ndipatseniko nzeru. Mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi 26. Mawu amene amanena sapitirira 12, ndipo sanayambe kulumikiza mawu awiri. Akafuna chinthu amaloza kapena kundikoka dzanja. Ndikamutuma nsapato amakatengadi. Chimfine sichimusiya, ndipo pakhomo timalankhula zinenero ziwiri. Achibale akuti ndingodikira, anyamata amachedwa. Ndidikiredi? Ngati ayi, ndiyambe kuonana ndi ndani?

WoyezaMakutu

Musadikire, Mayi. Pofika zaka 2 ana ambiri amakhala ndi mawu okwana 50 ndipo amayamba kunena zinthu ngati “madzi ena” kapena “galu wapita”. Mawu 12 pa miyezi 26 ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala.

Yambani ndi makutu. Makolo ambiri amati “amamva bwino, chitseko chikalira amacheuka”, koma kumva phokoso ndi kumva mawu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chimfine mwatchulacho ndicho chandikhudza. Pali kanjira kochokera kuseri kwa mphuno kupita mkati mwa khutu, ndipo kwa ana kanjirako ndi kakafupi, sikachedwa kutsekeka. Kakatsekeka, kuseri kwa mwinikhutu kumadzadza timadzi tonanda. Nthawi zambiri khutu silipweteka ndipo silituluka mafinya, koma mwana amamva ngati munthu amene watseka makutu ndi zala. Amamva kuti mukulankhula, koma timawu tofewa ngati “s” ndi “f” timamudutsa.

Kungosuzumira m’khutu ndi tochi sikokwanira. Pemphani kuyeza kotchedwa tympanometry, komwe kumaona ngati mwinikhutu akugwedezeka bwino, komanso kuyeza kumva kwenikweni. Kwa msinkhu wakewo amatulutsa kaphokoso kumbali, mwana akacheuka amamuonetsa kachidole kowala. Sizipweteka. Timadzito nthawi zambiri timatha tokha m’miyezi 3, n’chifukwa chake amayezanso pakapita nthawi imeneyo. Tikapanda kutha ndipo kumva kukadali kochepa, dokotala wa makutu amakambirana nanu za timachubu toika m’khutu kapena kachipangizo kothandiza kumva.

Muwauzenso ngati anabadwa masiku osakwana, anadwalapo chikasu chachikulu ali wakhanda, matenda oumitsa khosi, kapena ngati pabanja panu pali wina amene anachedwa kulankhula kapena samva.

MlangiziWaZolankhula

Ndikugwirizana ndi anzangawa, ndipo musadikire zotsatira za makutu kuti mukaone katswiri wothandiza ana kulankhula. Lembetsani zonse ziwiri tsiku limodzi, chifukwa mzere umatha kutalika.

Musanapite, lembani mawu ake onse kwa sabata imodzi. Apa m’pamene ambiri amawerenga molakwika. Ngati nthawi zonse madzi amati “maji”, amenewo ndi mawu. Ngati galu amamutcha “huhu”, ndi mawunso. Phatikizani a zinenero zonse ziwiri. Zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula, choncho musasiye chimodzi. Lankhulani naye chimene mumachidziwa bwino, poti m’menemo ndi momwe mumamupatsa mawu ochuluka. Jambulaninso kavidiyo kakafupi akusewera kunyumba, chifukwa ana ambiri amangoti duu akaona mlendo.

Zoti amaloza ndiponso amamva mukamutuma ndi zolimbikitsa kwambiri. Komabe yesani kumutuma osaloza, osayang’ana kumene kuli chinthucho. Ana ena amatsatira dzanja lanu, osati mawu anu.

Zochita kunyumba n’zimene zimasintha zinthu, kuposa ola limodzi la kwa katswiri. Khalani naye pansi kuti nkhope zanu ziyang’anizane, kwa mphindi 10 kawiri kapena katatu pa tsiku, wailesi ndi TV zitazimitsidwa. Musamusankhire masewera. Ngati akukankha kagalimoto, nenani za kagalimotoko: “vuuu, yapita”, “yaima”. Mukanena, khalani chete n’kuwerenga mpaka 10 mumtima mukumuyang’ana. Kudikiraku n’kovuta kwa akuluakulu, koma mwana wotere amafunika nthawi kuti apeze mawu, ndipo tikafulumira kumuyankhira timamulanda mpata.

Akaloza chinthu, musangomupatsa, komanso musamumane mpaka alire. Nyamulani ziwiri pafupi ndi nkhope yanu: “mpira kapena galimoto?” Akaloza mpira, nenani “mpira”, dikirani pang’ono, mupatseni. Akanena liwu limodzi, inu onjezani limodzi: iye “mpira”, inu “mpira wagwa”. Akatchula molakwika musanene kuti walakwa, ingobwerezani molondola. Mawu akuti “nena, nena!” ndi mafunso osatha a “ichi n’chiyani?” amasandutsa kucheza kukhala mayeso, ndipo mwana amayamba kuthawa. Musamuphunzitse mayina a zinthu okha. Kuti alumikize mawu amafunika ena ngati tsegula, bwera, yatha, zina.

NamwinoWaAna

Ndiwonjezepo zizindikiro zosafunika kuzengereza ngakhale sabata imodzi: kuiwala mawu amene ankanena kale, kusacheuka akaitanidwa dzina, kusaloza zinthu pofuna kukuonetsani, kutsamwa kawirikawiri pakudya, kapena kukomoka. Izi mukanene kwa dokotala wa ana msanga. Pali mafunso otchedwa M-CHAT-R ofunsa makolo a ana a miyezi 16 mpaka 30, othandiza kuona amene akufunika kuunikidwa za autism, vuto la kakulidwe lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Mafunsowo satsimikizira matenda, amangosonyeza wofunika kuonedwa mozama.

Za foni, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Vuto ndi loti vidiyo siyankha mwana akalankhula.

MayiWaAwiri

Zikomo kwambiri nonse. Ena akuti mwina ndi kamnofu ka pansi pa lilime, akadule. Zoona?

MlangiziWaZolankhula

Musathamangire kudula, Mayi. Kamnofuko kakakhala kakafupi kwambiri kamatha kuvutitsa poyamwa, mwinanso potchula zilembo zina, koma sikachepetsa chiwerengero cha mawu amene mwana amadziwa. Muoneni ngati amatha kutulutsa lilime kupitirira mlomo wam’munsi ndi kunyambita milomo, ndipo katswiri akaliunikanso pa tsiku loyamba. Sungani mndandanda wa mawu uja ndipo muziwonjezera atsopano mwezi uliwonse. Pakatha miyezi 3 mukuchita zimenezi koma mawu osawonjezeka, bwererani mukapemphe kuti aunike kakulidwe kake konse, osati kalankhulidwe kokha.