Gulu la banja: mitengo ya pecan kumunda wa agogo

Amalume a ku Lusaka: Mwauka bwanji nonse? Munda wa malemu amayi ku Kalichero ukungogona, mbuzi za eni ndizo zikudyamo. Ine ndikuti tibzalemo pecan, adzukulu adzadyerepo.

Amake Tiyanjane: Tauka amalume. Pecan ndiye macadamia aja a ku Malawi?

Atate ake Dalitso (ku Joni): Ayi mlongo, ndi mtengo wina wa mtedza, kwawo ndi ku America ndi Mexico. Kuno ku South Africa amaulima kwambiri cha ku Hartswater, ndi madzi a mtsinje wa Vaal. Koma amalume, ndiyankhule mosabisa. Mtengowu umafuna kuzizira kwenikweni mu June ndi July, uyoyole masamba, upume, ndipo pamene umaphuka bwino. Chisanu cha kuno chimayeretsa udzu mbuu m'mawa. Kwathu ku Chipata kuzizira n'kochepa. Tisadzaze munda wonse tisanaone.

Amalume a ku Lusaka: Ndiye tileke?

Atate ake Dalitso (ku Joni): Tiyambe ndi 20 chabe. Amatalikitsa mamita 10 mbali zonse, ndiye hekitala imalowa mitengo 100, ife tingotenga kachigawo. Ndipo mtundu usakhale umodzi. Mungu wake umayenda ndi mphepo, ndipo pa mtengo umodzi maluwa aamuna ndi aakazi sakhwimira pamodzi. N'chifukwa chake kuno amabzala Wichita pafupi ndi Western Schley, wina amathandiza mnzake. Vuto lake, mitundu iwiriyi imagwidwa ndi matenda a scab kumene mvula ndi yambiri, masamba ndi makoko zimachita madontho akuda. Mtundu wa Ukulinga ndiwo umapirira matendawa, timufunse wogulitsa mbande ngati ali nawo.

Azakhali: Inu mukukamba muli m'tauni. Wothirira ndani mu October, chitsime cha kumtunda chitauma? Ine msana uno sindingasenze ndowa. Chiswe cha m'munda uja mwachiiwala? Mango amene tinabzala pafupi ndi chulu anadyedwa kutsinde, khungwa lonse dothi lokhalokha.

Amalume a ku Lusaka: Mwanena zoona alongo, pepani. Tibzale kumunsi, pafupi ndi dimba, pamene madzi sauma.

Atate ake Dalitso (ku Joni): Koma pasakhale podikha madzi, mizu imawola. Dothi likhale lakuya chifukwa muzu wake waukulu umalowa pansi kwambiri. Mbande zikhale zomezanitsa, zimayamba kubala pakati pa zaka 5 ndi 7. Zanjere mudikira zaka 10 kapena kuposa, osadziwa n'komwe chimene zidzabale. Zikamakula zimafunanso feteleza wa zinc wopopera kumasamba.

Amake Tiyanjane: Zaka zonsezo azakhali adya chiyani? Pakati pa mizere tizilima nshawa ndi soya, zokolola zikhale zawo. Ndipo mnyamata wothirira tizimulipira ife, osati iwo.

Azakhali: Mukatero ndavomera. Mpanda muyambe ndiwo, mbuzi sizidikira.

Amalume a ku Lusaka: Chabwino. Aliyense K300 mwezi ukatha, mutumize pa foni ya amake Tiyanjane. Amfumu ndiwaimbira ndekha kuti adziwe za malire.

Amake Tiyanjane: Lolemba ndipita ku Msekera, kwa ofufuza zaulimi, ndi dothi la kudimba, ndikafunse ngati angatiyezere, komanso ngati pecan angachite bwino dera lathu. Achimwene, mbande amabzala liti?

Atate ake Dalitso (ku Joni): July kapena August, zisanaphuke masamba. Maenje akumbidwiretu mu June, muthiremo manyowa owola bwino.

Azakhali: Manyowa alipo m'khola, ngolo ndiyo mubweretse.