Pitch, fall, gradient ndi batter pa pulani: kusiyana kwake n'kotani?

Wophunzira zomanga:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa pulani imodzi ya nyumba alemba "roof pitch 15°", pa mapaipi "fall 1:40", pakhomo "ramp gradient 1:12", ndipo m'mbali mwa dzenje "batter". Ife zonsezi timangoti kutsetsereka kapena kupendekeka. Kodi liwu lililonse lili ndi malo ake? Nanga manambalawo amawerengedwa bwanji?

Mmisiri wa madenga:
Achimwene, lililonse lili ndi malo ake. Slope ndi liwu la chilichonse chotsetsereka, kaya munda, msewu kapena khonde. Gradient ndi muyeso wake. Mukaona 1:12, ndiye kuti pa masentimita 12 alionse oyenda chopingasa mukwera sentimita imodzi. Nambala yachiwiri ikamakula, chitunda chikuchepa: 1:40 ndi pang'ono, pomwe 1:4 ndi chikweza chenicheni. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka.

Pitch ndi ya denga, ndipo kawirikawiri imalembedwa m'madigiri. Tiyerekeze nyumba ya mamita 6 m'lifupi, denga la mbali ziwiri. Theka lake ndi mamita 3. Pa madigiri 15, msonga ya denga ikwera pafupifupi masentimita 80 kuchokera pamwamba pa khoma. Pa madigiri 30 ikwera mita imodzi ndi masentimita 73. Pa madigiri 45 ikwera mamita 3 athunthu. Denga la udzu limafuna madigiri 45 kapena kuposa, apo ayi madzi amakhazikika mu udzumo n'kuuoletsa. Malata amalola pitch yocheperapo, koma mukaichepetsa kwambiri mvula ya mphepo imabwerera m'malumikiziro a malatawo n'kumadonthera m'nyumba, ngakhale malatawo akhale atsopano.

Pulambala:
Fall ndi yathu ife a madzi. Imanena kutsika kwa paipi, ngalande kapena simenti ya pansi kuti madzi aziyenda okha. Pa paipi ya mamilimita 110 yochokera kuchimbudzi, 1:40 ndi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Paipi ya mamita 6 itsike masentimita 15.

Kayezedwe kake sikafuna makina. Tengani levulo (chida cha kathovu choonera ngati chinthu chapendekeka) ya mita imodzi ndi kathabwa kokhuthala masentimita awiri ndi theka. Gonekani levulo pa paipi, kathabwako kakhale pansi pa levuloyo kumapeto akumunsi, kumene madzi akutsikira. Kathovu kakaima pakati, mwapeza 1:40. Yezani paipi iliyonse musanakwirire, osati poyambira ndi pothera pokha.

Liwu lina loti mulisunge ndi backfall, kutanthauza kuti paipi kapena pansi patsikira kolakwika. Zimachitika kwambiri pamene dothi la pansi pa paipi silinatsinderedwe: pakati pamatitimira, madzi amaima, zonyansa zimaunjikana mpaka paipi kutsekeka. M'bafa mumazindikira ndi madzi odikha pakona yakutali ndi kabowo kotulukira madzi.

Wa zamisewu:
Ndiwonjezere za maperesenti, chifukwa ambiri amawasokoneza ndi madigiri. Chikwangwani cha pamsewu chikati 10%, ndiye kuti msewu ukutsika mamita 10 pa mamita 100, zomwe ndi 1:10, kapena madigiri osafika 6. Ndipo 100% si khoma loima chilili ayi, ndi madigiri 45.

Pamsewu pali mawu ena. Camber ndi kamsana ka pakati kothamangitsira madzi mbali zonse ziwiri. Crossfall ndi kutsikira mbali imodzi. Pa tala timaika pafupifupi 2.5%, pa msewu wa dothi kuposapo, chifukwa madzi akangokhala pamwamba maenje sachedwa. Incline ndi chitunda, descent ndi mtsetse, steep ndi chotsetsereka kwambiri, gentle ndi chotsetsereka pang'ono. Escarpment ndi mapiri otsetsereka ataliatali olekanitsa kumtunda ndi kuchigwa, ngati potsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kapena potsikira ku Golomoti.

Batter imene mwafunsa ija ndi kupendeketsa dala mbali ya dzenje, ya mulu wa dothi kapena ya khoma kuti isagumuke. Chenjerani nayo iyi. Ena amalemba kukwera poyamba, ena kupingasa poyamba, choncho 1:2 ingatanthauze zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Funani zilembo V ndi H pafupi ndi nambalazo: V ndi kukwera, H ndi kupingasa. Ngati palibe, funsani amene anajambula pulaniyo musanayambe kukumba, chifukwa dothi lonyowa likagumuka limakwirira munthu ali m'dzenjemo.

Mmisiri wa madenga:
Tinaiwala ramp ija. Iyi ndi njira yotsetsereka ya anthu oyenda pa njinga za olumala, ndipo 1:12 ndi malire, isatsetsereke kuposa pamenepo. Ngati khonde lakwera masentimita 30, ramp italike mamita 3 ndi masentimita 60. Zambiri zimene timaziona m'mashopu n'zazifupi moti munthu sangakwere yekha, ndipo potsika njinga imamuthawa. Malo akalola, 1:20 ndiye yabwino, ndipo simenti yake musaisalalitse; ikokeni ndi tsache isanaume kuti isamaterere ikanyowa.

Wophunzira zomanga:
Zikomo kwambiri akuluakulu, zamveka. Pa pulani yathuyi alemba 1V:2H, ndiye kuti dzenje la mita imodzi kuya mbali yake ifutukuke mamita awiri.