Fomu yatsopano ikulemba 0300 paulendo wa ku Likoma, titani?

Mphunzitsi wa m'kalasi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kusukulu kwathu yophunzitsa kuyendetsa ndege tayamba kusindikiza pulani ya ulendo ndi pulogalamu yatsopano ya pakompyuta, ndipo heading, nambala ya pakampasi yosonyeza kumene ndege ilunjike, ikutuluka ndi manambala anayi opanda kadontho. Dzulo ndinapatsa ophunzira ntchito ya patebulo, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Likoma. Fomu inalemba 0300, kutanthauza madigiri 30.0. Mnyamata wina, wakhama ndithu, anangotaya ziro woyambayo n'kulemba 300. Ndege yakeyo ikanalowera ku Zambia, cha kuchigwa cha Luangwa, nyanja ili kumbuyo. Akulu a sukulu akuti ndimulepheretse mayeso kuti ena atengerepo phunziro. Ine mtima ukukana. Inu mukanatani?

Wa pansanja:
Alephere basi, achimwene. Munthu akupita pachilumba chimene aliyense akudziwa kuti chili kumpoto chakum'mawa, iye n'kulemba 300 osadabwa? Ife a pansanja yowongolera ndege sitingamuwongolere aliyense.

Kaputeni wopuma:
Dikirani kaye bambo, musafulumire kuweruza. Fomu yotereyi inapha kale anthu, ndipo amene inawasokoneza sanali ana a sukulu.

Pa 3 September 1989 ndege ya Varig, ulendo nambala 254, Boeing 737-200, inkachoka ku Marabá kupita ku Belém kumpoto kwa Brazil. Ndi ulendo waufupi, makilomita pafupifupi 450, osakwana ola. Pepala la kampani linalemba 0270, kutanthauza 027.0. Kaputeni Cézar Garcez anawerenga 270. Kalembedwe kameneka kanali kachilendo kwa iye, chifukwa kampani inakasintha iye ali patchuthi. Womuthandiza, Nilson Zille, atalowa m'ndege anangoyang'ana chimene kaputeni watchera n'kutchera chomwecho mbali yake. Ananyamuka dzuwa litapendeka, n'kulunjika kumadzulo kwenikweni, dzuwa lolowalo lili pamaso pawo, pomwe Belém ali kumpoto chakum'mawa.

Mtunda umene anatchera utatha, mzinda osaoneka. Pansi nkhalango yokhayokha. Kaputeni anaganiza kuti waupitirira Belém, anatembenuka, anatsika, n'kuona mtsinje waukulu. Unali Xingu, koma iye anauyesa wina n'kuutsata molowera kum'mwera, akutalikirabe. Radar yoti iwaone m'deralo kunalibe, choncho a pansanja ankangokhulupirira zimene ndege ikunena. Anayesa kusaka mawailesi a m'tauni kuti singano iwalozere njira, koma mukudziwa mmene mafunde a wailesi a AM amachitira kukada: amadumpha kuchokera kutali, singano n'kumaloza wailesi ya mzinda wina. Atakhala m'mwamba maola oposa atatu mafuta anatha, injini zinazima, ndipo anaikhazika pamitengo mumdima pafupi ndi São José do Xingu, m'chigawo cha Mato Grosso. Mwa anthu 54, anafa 12. Otsalawo anapezeka patapita masiku awiri, anayi mwa iwo atayenda wapansi m'nkhalango mpaka kufika pafamu ina.

Tsono mverani ichi, a Mphunzitsi, kuti mukawauze akulu anuwo. Pambuyo pake pepala lomwelo analionetsa kwa oyendetsa ndege 21 a m'makampani akuluakulu, pamayeso a IFALPA, bungwe la oyendetsa ndege a m'mayiko osiyanasiyana. Mwa iwo, 15 anawerenga 270.

Wa pansanja:
Koma a Kaputeni, si ija amati ankamvera mpira? Tsiku limenelo Brazil inkasewera ndi Chile pabwalo la Maracanã.

Kaputeni wopuma:
Mpirawo unalikodi tsiku limenelo, ndipo anthu amaikonda nkhaniyo chifukwa imaseketsa. Ine m'kalasi sindingaitchule n'komwe. Mwana akangomva za mpira amati "ine sindimvera wailesi pantchito, ndiye sizingandichitikire," phunziro lonse lathera pomwepo. Anthu 15 aja sankamvera mpira ayi.

Mayi wa dispatch:
Ine amene ndimakonza mapepala a maulendo a ndege ndikuvomereza a Kaputeni, koma tiyeni tione pamene msamphawo wagona, chifukwa si ulendo uliwonse. Heading ya 329.0 ituluka 3290, palibe amene angasokonezeke, kampasi ilibe 3290. Ya 145.0 ituluka 1450, chimodzimodzi. Ngakhale 045.0 ituluka 0450, ukachotsa ziro ukupeza 450, imenenso kulibe. Vuto lili pa heading iliyonse yosapitirira madigiri 36, chifukwa ukachotsa ziro umatsala ndi nambala yooneka bwinobwino: 0300 ikhala 300, 0125 ikhala 125. Ndiye fomu ikhoza kugwira ntchito miyezi yambiri popanda wodandaula, mpaka tsiku limene wina akupita kumpoto chakum'mawa pang'ono. Kwa ife ochokera ku Lilongwe ndi maulendo a ku Likoma ndi a kumpoto.

A Mphunzitsi, taonani m'makonzedwe a pulogalamuyo. Kawirikawiri pamakhala posankha kuchuluka kwa manambala a pambuyo pa kadontho. Ikani ziro kuti izilemba atatu okha. Nanga theka la digiri mungaligwire ndi manja m'ndege yaing'ono, mphepo ikukankha?

Mphunzitsi wa m'kalasi:
Mayi, ndayang'ana. Pakompyuta kadontho kakuoneka, 030.0. Kakusowa posindikiza, chifukwa bokosi la pafomu ndi laling'ono ndipo pulogalamu ikukachotsa kuti manambala akwane. Ndaika kuti izilemba atatu, tsopano yatuluka 030. Zikomo kwambiri.

Injiniya wa m'hangara:
Ndiye kuti amene anayesa pulogalamuyo anangoiona pasikirini, pepala sanaligwire. Zimachitika.

Wa pansanja:
Chabwino, fomu yakonzeka. Koma ine ndikadali pomwepo. Mawa adzapatsidwa pepala lina lolakwika mwa njira ina, kwina kumene kulibe Mayi wa dispatch. Kaputeni wa Varig anali ndi dzuwa pamaso ndipo sanadzifunse kanthu. Mnyamata wanuyo naye anali ndi mapu patebulo.

Kaputeni wopuma:
Apo mwanena zoona bambo, ndipo ndi pamene ndimafuna tifike. Kukonza fomu n'kofunika, koma sikokwanira. Ine pophunzitsa ndinkafuna zinthu ziwiri. Wophunzira asanagwire pepala lililonse, aziyamba wanena ndi pakamwa kumene akupita: Likoma ali kumpoto chakum'mawa, m'mawa dzuwa likhala kudzanja lamanja chakutsogolo, ndipo posachedwa ndiona nyanja. Akatero ndiye atsegule fomu. Nambala ikatsutsana ndi zimene wanenazo, wina mwa awiriwo akunama, ndipo ndege isayende mpaka wabodzayo apezeke. Akanyamuka n'kukhazikika panjira, abwerezenso: kampasi ikuti chiyani, dzuwa lili kuti, msewu kapena phiri limene ndimayembekezera lili mbali iti.

Chinacho n'chovuta chifukwa chikukhudza ulemu. Wachiwiri aziwerenga pepala lake yekha, osati kukopera kwa kaputeni. Kwathu kuno mwana kuuza wamkulu kuti "bwana, mwalakwitsa" ndi phiri. Ndiye musamudikire kuti alimbe mtima. Likhale lamulo kuti wamng'ono ndiye amayamba kutchula heading, wamkulu n'kuvomereza kapena kutsutsa. Akayamba wamkulu, wamng'ono angoti "inde bwana."

Injiniya wa m'hangara:
Ena akuti masiku ano GPS ilipo, zimenezi n'zakale. Ndimawayankha kuti GPS imapita kumene mwailembera. Mukalemba malo olakwika, ikufikitsani kolakwikako mosaphonya.

Mayi wa dispatch:
Za mnyamatayo, ine ndikuti musamulepheretse chifukwa cha 0300, pepala ndi la sukulu. Koma musamusiyenso choncho. Mupatseni ntchito ina sabata ino, muikemo dala heading yolakwika, muone ngati adabwa. Ndipo musapatse iye yekha. Enawo mwina anakhoza chifukwa choti anaendako kale ku Likoma, osati chifukwa anawerenga bwino.

Wa pansanja:
Imeneyo ndiyivomera. Akaphonyanso yachiwiriyo, musandiuze za fomu.

Mphunzitsi wa m'kalasi:
Ndakambirana ndi akulu a sukulu, ndawauza za anthu 15 mwa 21 aja. Avomera kuti mnyamatayo alembenso, ndipo kalasi yonse ichita mayeso amene Mayi anena Lachisanu. A Kaputeni, ngati muli ndi mpata mubwere mudzawafotokozere nokha za Varig, ine ndijambuliratu mapu a Marabá, Belém ndi mtsinje wa Xingu pabolodi.

Kaputeni wopuma:
Ndibwera, koma pamapupo musajambulepo mzere wa njira. Muwapatse pepala la 0270 kaye, aliyense atchere yekha, kenako tiwerenge manja.

Injiniya wa m'hangara:
Musaiwale mafomu akale amene anasindikizidwa kale. Ena ali m'zikwama za ophunzira, ndipo dzulo ndinaona angapo m'thumba la kuseri kwa mpando m'ndege yophunzitsira. Awo ndiwachotsa ine mawa m'mawa, a m'zikwamawo musonkhanitse inu.