Sitolo yakale ya kumsika: tigwetse kapena tikonze?

Bambo Chisale, wapampando: Abale ndi alongo, khonsolo yatilola kugwiritsa ntchito sitolo yakale ya amwenye ija, imene anaisiya m'zaka za m'ma 1970 boma litawasamutsira m'mizinda. Tikufuna pakhale malo ophunzitsira achinyamata ntchito zamanja. Tigwetse kapena tikonze?

Bambo Mbewe, ku Joni: Tigwetse basi. Njerwa zake anamangira dothi, ming'alu ili ponseponse. Tiika ndalama pa chinthu choti chigwa dzinja likubwerali.

Mayi Nabanda: Pepani Bambo Mbewe, dothi si mlandu. Nyumba ya Mandala ku Blantyre ndi ya 1882, koma ilipobe. Chimapha khoma lotere ndi madzi. Malata a kumbuyo anabooka, mvula imatsikira m'khoma, ndipo pansi palibe ngalande. Tiyambe ndi denga. Mitanda yonse igogodedwe ndi hamala: yolira ngati ng'oma ndiye kuti chiswe chinadya m'kati, ichotsedwe. Matabwa atsopano apakidwe mankhwala a chiswe asanakwere, malata akhale a geji 28. Kenako tithire konkire kuzungulira nyumba, mita 1 m'lifupi, wopendekera kunja kuti madzi asamadikhe pamaziko.

Bambo Mbewe: Nanga mng'alu wa pakona ya kumsewu uja? Chala chimalowa.

Bambo Kamanga: Umenewo tiuyese kaye. Timate kapulasitala kopyapyala kopingasa mng'aluwo m'malo 3, tilembe deti pambali. Kakasweka mvula itagwa miyezi 2 kapena 3, maziko akutitimira, ndipo konayo iphwasulidwe nkumangidwanso ndi njerwa zomwezo. Kakapanda kusweka, tingotsekera. Koma chonde, pulasitala wa simenti yekhayekha asayandikire khoma limeneli. Simenti imatsekera chinyezi m'kati, njerwa zimafumbutuka, pulasitala nkumagwa zibenthuzibenthu monga tikuonera kukhonde kumene wina anamatako. Pafunika laimu: ndowa 1 ya laimu, ndowa 3 za mchenga wosefa. Laimuyo anyikidwe m'madzi masiku angapo. Timate kawiri, mamilimita 10 ulendo uliwonse, pakati padutse sabata, nkumawaza madzi m'mawa kuti asaume mofulumira.

Mayi Nabanda: Ndipo ntchitoyi tisapatse kontirakitala wochokera kutali. Mmisiri aliyense agwire ndi achinyamata 2 akumudzi konkuno, atsikana omwe. Ana amenewa akula akusewera bawo pakhonde lomweli, akudziwa pamene madzi amadutsa mvula ikagwa. Amene waphunzira kuchotsa njerwa imodzi yowola osagwedeza zinzake, ndi amene mawa adzakonze tchalitchi, mzikiti ndi nyumba za aphunzitsi. Amisiri odziwa laimu atsala ochepa, ndipo ndi okalamba. Oonetsa khama tidzawathandize kukalembetsa ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, kuti akhale ndi pepala.

Bambo Mbewe: Ophunzira amachedwetsa ntchito, amawononganso zipangizo. Za denga ndavomera, koma ndalama ya pulasitala isatuluke mpaka tione zotsatira za mng'alu uja.

Bambo Chisale: Zamveka. Alembi, pitani kukhonsolo mukatenge chilolezocho cholembedwa, chonena zaka zimene tapatsidwa. Pakamwa pokha ayi, tingadzakonzere eni ake. Bambo Kamanga, Loweruka mubwere ndi makwerero ndi tepi, tikawerenge mitanda ndi malata.